Rimoti imodzi ya TV ndi magetsi omwe: IR, 433 kapena Broadlink?

Amene mumagona m'neti mukulidziwa vutoli. Mwapisira neti kunsi kwa matiresi mbali zonse, mwafunda, kenako mukuona babu likuyakabe ndipo swichi ili kukhomo uko. Mayi anga maondo amawavuta, ndiye kutsika pabedi usiku n'kubwerera mumdima akupapasa khoma si nkhani yaing'ono. N'chimene chinandilowetsa mu zamarimotizi. Ndayesa njira zitatu, ndipo ina inandidyera ndalama ndisanamvetse chomwe ndikugula.

Ndinayamba ndi kugula rimoti yophunzira, ija amailemba kuti learning remote, poganiza kuti iphunzira chilichonse chokhala ndi mabatani. Ayi ndithu. Rimoti yotere imaphunzira chokhacho chimene diso lake likuona, ndipo zambiri zimaona IR basi, kuwala kosaoneka ndi maso kumene rimoti ya TV ndi ya dikoda zimagwiritsa ntchito. Marimoti ambiri a magetsi amalankhula pa wailesi, makamaka pa 433 MHz, ndipo olo muwagundanitse mitu tsiku lonse, yophunzirayo siimva kanthu. Ndiye musanapite kusitolo, tsegulani kamera ya foni, lozetsani rimoti ya babu lanu ku kamerayo n'kudina batani. Mukaona kakuwala kakuphethira kumutu kwake, ndi IR. Ngati kumutu kulibe kababu ndipo imagwira ntchito muli m'bulangete kapena kuseri kwa khoma, ndi ya wailesi. Makamera ena amasefa kuwalako, choncho yambani mwayesa ndi rimoti ya TV kuti mutsimikize kuti foni yanu imakuona.

Njira yoyamba ndiyo yotchipa: rimoti yophunzira ndi babu kapena chingwe cha LED chobwera ndi karimoti kake ka IR, kaja kopyapyala ngati khadi. Mumaika marimoti awiriwo patebulo atayang'anizana, mpata wa zala ziwiri kapena zitatu, kulowetsa yatsopanoyo pophunzira, kusankha batani lopanda ntchito, n'kudina la pa kakang'onoko mpaka kanyali kataphethira. Zikumveka zosavuta, koma ine zinandikanika madzulo athunthu. Ndinkachitira pawindo, dzuwa likuwomba patebulo, ndipo batire la karimotiko linali litatsala pang'ono kutha. Dzuwa lili ndi IR yambiri, machubu a magetsi nawonso amasokoneza. Nditatseka katani n'kusintha batire, batani lililonse linalowa kamodzi n'kamodzi.

Apa pali chinthu chimene ogulitsa sakuuzani. Karimoti ka mabatani 24 kali ndi ON payekha ndi OFF payekha. Ka mabatani 44 nthawi zambiri kali ndi batani limodzi loyatsa ndi kuzimitsa lomwe. Pamanja kusiyanako sikuoneka, koma yesani kupanga macro, ndiye kuti batani limodzi lozimitsa TV, dikoda ndi babu motsatizana. Ngati babulo linali lozima kale, batani loyatsa ndi kuzimitsa lija lingoliyatsa, inu n'kugona magetsi ali ngwee. Lamulo loti "zima" basi silisokonekera chonchi: likapeza babu lozima, palibe chimachitika. Pa chifukwa chokhachi ndimasankha ka 24, ngakhale mitundu yake ndi yochepa.

Zofooka za IR n'zodziwika. Siidutsa khoma, ndipo babu likakhala mkati mwa chivundikiro chokhuthala mumachita kuloza kangapo. Swichi ya pakhoma iyenera kukhala yoyatsa nthawi zonse. Mwana akangoizimitsa, rimoti yasanduka chidole. Timarimoti tambiri totchipati timagwiritsa ntchito kalankhulidwe ka NEC pa 38 kHz, kofanana ndi ka ma TV ndi masipika ambiri, ndiye zimachitika kuti mukukweza voliyumu, babu likusintha mtundu. Koma chondipweteka kwambiri ndi ichi: mababu amene ndinagula, magetsi akazima n'kubwera, amadziyakira okha. Magetsi abwere 2 koloko usiku, chipinda chonse mbee, mayi adzidzimuka. Funsani wogulitsa ayese pamaso panu: azimitse ndi rimoti, azule pulagi, abwezere, muone chomwe babulo lichite.

Njira yachiwiri ndi kabokosi ka 433 MHz kolumikiza pa waya wa babu, mwachitsanzo Sonoff RFR2, kamene kamamvera karimoti ka wailesi komanso Wi-Fi. Apa zinthu n'zotembenuka: wophunzira si rimoti, ndi kabokosiko. Mumadina batani lake lolumikizira, kenako batani la pa rimoti, iko n'kusunga nambala ya rimotiyo. Babu lililonse limene muli nalo kale likugwira, simugulanso lapadera. Khoma la njerwa siliiletsa, moti nyali ya pakhonde ndimaiyatsa ndili kuchipinda galu akauwa. Ndipo mu apu yake muli posankha chochita magetsi akabwera: kayatse, kakhale kozima, kapena kabwerere mmene kanalili. Kwa ife amene magetsi amatithawathawa, chimenechi chikuposa mitundu yonse ya babu la IR kuiphatikiza.

Mtengo wake weniweni uli pa mawaya. Kabokosika kamafuna mawaya onse awiri a magetsi, live ndi neutral, pamene m'nyumba zambiri zomwe ndatsegulapo swichi, neutral safika pamenepo, amathera kudenga pa babu. Ndiye kamakakhala m'siling'i. Awa ndi magetsi a 230 V, abale, itanani wodziwa ntchito yake, ndipo azimitse pa bokosi lalikulu asanagwire waya. Kuipa kwina, rimoti yanu yophunzira ija ilibe gawo apa. Alipo timarimoti tokopera ta 433, tofanana ndi ta pageti, timene timatengera nambala yosasintha monga ya tchipi cha EV1527. Nambala yosinthasintha, ija ya rolling code, sitingaikope. Komabe timarimoti timeneti TV sitiidziwa, choncho patebulo pakhala marimoti awiri.

Yachitatu ndi Broadlink RM4 Pro, kabokosi kamene kamaphunzira zonse ziwiri, IR ndi 433. Samalani dzina: RM4 mini ndi ya IR yokha, ndipo ambiri amaigula poona kutchipa n'kukazindikira ali kunyumba. Pro ija mumaiika pashelufu poonekera TV, kuipatsa moto wa USB, kuilumikiza ku Wi-Fi ya 2.4 GHz (ya 5 GHz siiona), n'kuiphunzitsa marimoti onse mmodzimmodzi. Batani limodzi la pafoni lingathe kuzimitsa TV pa IR ndi nyali ya pakhonde pa wailesi nthawi imodzi, ndipo mungaiuze kuti iziyatsa panja dzuwa likamalowa inu muli kumudzi. Pa luso palibe yoiposa pa zitatuzi.

Koma si rimoti ya m'manja. Imatumiza malamulo, siilandira kuchokera ku rimoti ina, ndiye chodinira chanu ndi foni. Pamafunika rauta yoyaka, ndi intaneti poikhazikitsa komanso poilamula muli kutali. Siidziwanso ngati babu layakadi. Imangoponya lamulo n'kukhala chete, choncho nkhani ya ON ndi OFF osiyana ija ikubweranso. Ndinayesa kuwaonetsa mayi. Kuti azimitse babu afune magalasi, atsegule foni, asake apu, kuwala kwa foniko kukuwathobwa m'maso. Anangondibwezera n'kunena kuti, "Mwana wanga, bola ndizidzuka." Anali ndi mfundo.

Mukamawerenga za kunja mukumana ndi mayina atatu. X10, imene inayambira ku Scotland mu 1975, imatumiza malamulo kudzera m'mawaya a magetsi omwewo, ndipo inali ndi kabokosi kotchedwa IR543 komva rimoti ya IR n'kupititsa lamulolo ku mababu. Koma IR543 inapangidwira magetsi a 120 V a ku America, musaiitanitse. Rimoti ya Logitech Harmony inali yabwino zedi, koma kampaniyo inasiya kuipanga mu 2021, ndipo kuikonza kumadalira makompyuta a kampaniyo, ndiye yakale sindingakulimbikitseni. Mababu a Philips Hue nawo amalankhula Zigbee, chinenero chimene rimoti yophunzira kapena Broadlink sizingakope.

Kunyumba kwathu zinathera apa. Pabalaza ndinasiya rimoti yophunzira ndi chingwe cha LED cha mabatani 24 kuseri kwa TV, pakuti pamenepo aliyense amakhala ataloza kutsogolo kale, ndipo chikadziyakira usiku palibe amene chimamudzutsa. Broadlink ili pashelufu, ntchito yake ndi nyali zakunja tikachokapo. Kuchipinda kwa mayi ndinaika kabokosi ka 433 m'siling'i, ndinakauza kuti magetsi akabwera kazikhala kozima, ndipo swichi ya pakhoma ndinaimata tepi kuti adzukulu asaigwire. Karimoti kake ndinasankha ka mabatani awiri okha, ndinadontheza guluu pa limodzi kuti chala chizilizindikira mumdima, n'kukamangirira ndi kachingwe kumutu kwa bedi, mkati mwa neti.