nmcli poika maadiresi angapo pa khadi limodzi la ethernet: imagwira, koma samalani ndi chizindikiro cha +

Khadi limodzi la ethernet likhoza kunyamula maadiresi a IP angapo nthawi imodzi. Pa Linux, chida chomwe ambiri amachipeza chili kale m'makina ndi nmcli, mbali ya NetworkManager, pulogalamu yoyendetsa netiweki yomwe kampani ya Red Hat idayambitsa mu 2004. Pa ntchitoyi ndi chida chodalirika, makamaka chifukwa zomwe mwaika sizifufutika makina akazima.

Apa m'pomwe nmcli imaposera lamulo la ip. Mukalemba ip addr add 192.168.20.5/24 dev eth0 (eth0 ndi dzina la khadi), adiresi imayamba kugwira pompo, koma mukazimitsa ndi kuyatsanso makina, yapita. Lamulolo ndi labwino poyesera chabe. nmcli imasunga zonse mufayilo, ndipo pa makina ambiri a masiku ano fayiloyo imakhala mu /etc/NetworkManager/system-connections/.

Kachitidwe kake n'kachidule. Yambani ndi nmcli connection show kuti muone dzina la kulumikizana. Dzinali si la khadi ayi, ndipo ambiri amasokoneza ziwirizi. Tinene kuti ndi lan1. Kenako lembani:

nmcli connection modify lan1 +ipv4.addresses 192.168.20.5/24

nmcli device reapply eth0

Tsimikizani ndi ip addr show dev eth0. Osadalira pulogalamu yakale ya ifconfig poyang'ana, chifukwa imangoonetsa adiresi yoyamba. Ena opanda dzina lapadera la mtundu wakale ngati eth0:0 siiwaona, ndiye munthu n'kumaganiza kuti zakanika pomwe zatheka.

Vuto lalikulu la chidachi lili pa kachizindikiro ka + kaja. Mukakaiwala, nmcli siwonjezera adiresi, imachotsa mndandanda wonse n'kusiya yatsopanoyo yokha. Sichenjeza, sifunsa. Ngati seva muli kuyifikira muli kutali kudzera pa SSH, ikangotsatira zosinthazo mwadzitsekera kunja, ndipo pafunika wina wokafika pamakinapo. Ichi n'cholakwika pa kapangidwe kake: lamulo lowononga chonchi silimayenera kusiyana ndi lotetezeka pa kalemba kamodzi kokha. Choncho musanalembe reapply, onani kaye nmcli -g ipv4.addresses connection show lan1. Komanso reapply ndi yabwino kuposa connection up, poti siigwetsa kulumikizana.

Musaiwalenso /24, nambala yosonyeza kukula kwa netiweki. Popanda iyo adiresi imatengedwa ngati /32 (adiresi imodzi yokha), njira yopita kwa makina ena a pa netiwekiyo siipangidwa, ndipo ping imangoti zii.

Chomwe chimasangalatsa n'chakuti ipv4.method ikakhala pa auto, adiresi ya DHCP (yomwe netiweki imapereka yokha) imakhalabe, yanu yokhazikika n'kungowonjezekera pambali. Izi zimathandiza pofuna kulowa mu switch kapena kamera yatsopano yomwe yabwera ndi adiresi yakufakitale ya netiweki ina, osataya intaneti.

Pali khalidwe lina lomwe gwero lake ndi kernel (mtima wa Linux), osati nmcli, koma limavutitsa anthu omwewo. Maadiresi awiri akakhala mu subnet (gawo la netiweki) imodzi, yoyamba imakhala primary, yachiwiri secondary. Zonse zimalandira, koma makinawo akamayamba okha kulumikizana ndi kunja, amatulukira pa yoyamba. Ndiye ngati firewall ya mbali inayo idalola yachiwiri yokha, mudzakanidwa osadziwa chifukwa. Sinthani dongosolo la mndandanda, kapena ikani src (adiresi yotulukira) pa route (njira yomwe uthenga umadzera). Onaninso kuti net.ipv4.conf.all.promote_secondaries ili pa 1. Ikakhala 0, kuchotsa primary kumakokera limodzi ma secondary onse. Gateway (khomo lotulukira ku ma netiweki ena) nayo ndi imodzi basi pa kulumikizana kulikonse, ma subnet ena amafuna route zawozawo.

Adiresi mukaisamutsa kuchokera pa makina ena, rauta ikhoza kukumbukirabe MAC (nambala ya khadi) yakale kwa kanthawi. Lamulo la arping -U limaidziwitsa yatsopano msanga.

Musayembekezere zomwe njirayi singapereke. Maadiresi onse amadutsa pa waya umodzi ndi MAC imodzi, choncho liwiro silikwera, ndipo ma netiweki sanalekanitsidwe m'pang'ono pomwe. Pulogalamu yomvetsera pa 0.0.0.0 imayankha pa adiresi iliyonse. Lamulo la ss -tlnp likuonetsani zimenezi. Wofuna kulekanitsa agwiritse ntchito VLAN (netiweki yapadera yodutsa pa waya womwewo), wofuna MAC yosiyana pa adiresi iliyonse atenge macvlan. Zonsezi nmcli imazitha, koma VLAN imafunanso kuti switch yanu izidziwa 802.1Q, muyezo wa VLAN.