Trisquel, Ubuntu kapena Debian: Kodi Ufulu Ungagonje Mpaka Pati Kuti Kompyuta Igwire Ntchito?

Munthu amene akuganiza zochotsa Windows mu laputopu yake n'kuikamo Linux, dongosolo lina loyendetsera kompyuta, makamaka pano pamene kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mu Okutobala 2025, sachedwa kuzindikira kuti mitundu ya Linux ndi yambiri ndiponso kuti kusiyana kwake si kwa maonekedwe okha. Kuseri kwa maonekedwewo kuli mkangano wakale wokhudza zinthu zobisika (zosaloledwa kuti anthu akunja aone mmene zinalembedwera) zimene opanga mapulogalamu a ufulu angalole kulowa m'ntchito yawo pofuna kuti anthu ambiri aigwiritse ntchito mosavutika. Mitundu itatu imene ndikuyerekeza pano ndi yapachibale, pakuti Ubuntu inamangidwa pa Debian ndipo Trisquel inamangidwa pa Ubuntu, koma uliwonse unauweruza mlanduwu mwanjira yake.

Ufulu umene ukukambidwawu sukhudza mtengo. Richard Stallman, amene analengeza ntchito ya GNU yopanga dongosolo la kompyuta la ufulu mu 1983 n'kukhazikitsa bungwe la Free Software Foundation mu 1985, anaufotokoza m'mbali zinayi: kugwiritsa ntchito pulogalamu pa chilichonse chimene mwafuna, kuwerenga source code yake (malangizo amene opanga analemba poipanga) ndi kuisintha, kugawira anzanu, ndiponso kufalitsa zimene mwasinthazo. Vuto lalikulu la masiku ano silili pa mapulogalamu olembera makalata kapena owerengera ndalama, chifukwa LibreOffice ndi anzake amakwaniritsa zonsezi. Vuto lili pa firmware, timapulogalamu ting'onoting'ono timene kompyuta imatumiza m'zipangizo zake, monga kachipangizo ka Wi-Fi, nthawi iliyonse ikayaka. Makampani ambiri amapereka firmware popanda source code, moti palibe munthu wakunja amene angaone zimene ikuchita, komabe popanda iyo chipangizocho sichidzuka.

Trisquel, imene inayambira pa yunivesite ya Vigo ku Spain, inasankha kusagonja ngakhale pang'ono. Imagwiritsa ntchito Linux-libre, kernel (mtima wa dongosolo umene umalamulira zipangizo) imene anaichotsa firmware yonse yobisika, ndipo m'nkhokwe yake yotengako mapulogalamu mulibe pulogalamu imene ufulu wake uli wokayikitsa. N'chifukwa chake ili pa mndandanda waufupi wa mitundu imene Free Software Foundation imavomereza, pomwe Debian ndi Ubuntu palibepo. Ubwino wake ndi wakuti simufunika kufufuza chilichonse: zonse zimene mwaika kuchokera m'nkhokwe yake mungaziwerenge, kuzisintha ndi kuzigawa. Mtengo wake umaonekera tsiku loyamba lomwelo. Malaputopu ambiri ali ndi Wi-Fi ya Intel kapena Broadcom imene sigwira popanda firmware yobisika, choncho mukamaliza kuika Trisquel mumapeza kuti kompyuta sikuona netiweki iliyonse. Yankho la anthu a Trisquel ndi lakuti mugule kachipangizo ka USB ka Atheros kamene firmware yake inamasulidwa mu 2013, kapena mufufuze kaye pa h-node, kaundula wa zipangizo zogwira ntchito ndi mapulogalamu a ufulu okhaokha, musanagule kompyuta.

Malangizo amenewa ndi abwino kwa munthu amene ali ndi mwayi wosankha. Koma ambiri a ife timagula laputopu ya kaunjika imene taipeza pa mtengo umene thumba lalola, ndipo intaneti timaitenga pa hotspot ya foni, osati pa waya wolowa m'nyumba. N'zoona kuti kulumikiza foni ya Android ndi chingwe cha USB kumatha kupereka intaneti popanda firmware iliyonse, ndipo imeneyi ndi njira yoyenera kuidziwa, koma wophunzira amene akufuna kugwiritsa ntchito Wi-Fi ya pasukulu sapindula nayo. Iye akaona kuti Linux yamulanda chinthu chimene chinkagwira dzulo, amabwerera ku Windows, ndipo kumeneko ufulu umene Trisquel imafuna kumutetezera umatheratu wonse.

Ubuntu ili mbali ina. Kuyambira pamene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaiyambitsa mu 2004 kudzera m'kampani ya Canonical, cholinga chake chakhala chakuti munthu wamba aike Linux popanda kuitana katswiri. Firmware imabwera ili kale m'kati, ndipo poika dongosololi mumangochonga kabokosi kuti madiraiva (mapulogalamu oyendetsa zipangizo) a makadi oonetsa zithunzi a NVIDIA ndi zothandizira kuonera makanema zilowe. Zaka ziwiri zilizonse mu Epulo imatulutsa mtundu umene umasamalidwa kwa zaka zisanu. Kutchuka kwake si chinthu chochipeputsa, chifukwa ndi kumene kumachititsa kuti mukakumana ndi vuto mupeze wina amene analithetsa kale, ndiponso kuti makampani opanga mapulogalamu aikumbukire Linux. Anthu ambiri amene lero amalimbikira za ufulu wa mapulogalamu analowera pa khomo limeneli.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa Ubuntu si firmware ayi, koma mbiri ya zosankha zimene kampani inachita m'malo mwa wogwiritsa ntchito osamufunsa. Mu Ubuntu 12.10, imene inatuluka mu 2012, mawu amene munthu ankalemba posaka mafailo ake ankatumizidwa ku makompyuta a Canonical kuti aonetsedwe malonda a Amazon. Stallman anadzudzula zimenezi poyera ponena kuti ndi ukazitape, ndipo zinatenga mpaka 2016, pa Ubuntu 16.04, kuti kusaka kwa pa intanetiku kukhale kozimitsa poyambira. Kenako kunabwera Snap, njira yoikira mapulogalamu imene sitolo yake imayendetsedwa ndi Canonical yokha ndipo source code ya sitoloyo siili poyera. Kuyambira pa Ubuntu 22.04, munthu akalamula kuti Firefox iikidwe kudzera pa apt, njira ya nthawi zonse yoikira mapulogalamu, imene imabwera ndi ya Snap. Linux Mint, imene nayonso inamangidwa pa Ubuntu ndipo ndi yosavuta chimodzimodzi, inakana khalidwe lotere mu 2020 potsekereza Snap kuti isalowe mwakachetechete. Izi zikusonyeza kuti kuphweka kwa dongosolo sikukakamiza aliyense kubisira anthu zimene zikuchitika. Kubisako ndi chosankha chapadera, ndipo n'chimene chiyenera kudzudzulidwa.

Debian ndi imene nkhani yake ili yophunzitsa kwambiri, chifukwa inayesa njira zonse ziwiri pamaso pa anthu. Ian Murdock anaiyambitsa mu 1993, ndipo mu 1997 inalemba pangano lake ndi anthu, Social Contract, lolonjeza kuti Debian idzakhala ya ufulu kotheratu, komanso kuti zinthu ziwiri zimene imaziika patsogolo ndizo ogwiritsa ntchito ake ndi mapulogalamu a ufulu. Kwa zaka zambiri zinthu ziwirizi zinkakokana. Mu 2011, pa Debian 6, firmware yobisika inachotsedwa mu kernel n'kuikidwa m'gawo la non-free, limene silinkawerengedwa ngati mbali ya Debian. Zotsatira zake zinali zodabwitsa: fayilo yovomerezeka yoikira Debian sinkatha kudzutsa Wi-Fi pa malaputopu ambiri, ndiye odziwa ankalozera atsopano ku mafayilo ena otchedwa osavomerezeka, amene anali ndi firmware, ngakhale ankakonzedwa ndi anthu a Debian omwewo ndipo anali ovuta kuwapeza. Lamulo linkasungidwa papepala, koma m'zochita anthu ankalizemba tsiku ndi tsiku, ndipo amene ankavutika anali mlendo yekha wosadziwa njira yachidule.

Mu 2022 opanga Debian anakambirana nkhaniyi poyera n'kuiponyera voti. Popeza kusintha pangano lija kumafuna mavoti atatu ovomereza pa voti iliyonse yokana, chigamulocho sichikanatheka ndi kagulu kochepa. Anagwirizana kuti fayilo yovomerezeka ikhale ndi firmware, ndipo anawonjezera chiganizo m'panganolo chonena zimenezo mosabisa. Debian 12, imene inatuluka mu Juni 2023, inabwera ndi gawo latsopano la non-free-firmware, losiyana ndi non-free, kuti munthu alandire zodzutsira zipangizo zake popanda kutsegulira khomo mapulogalamu ena onse obisika. Choikira chimangoika firmware imene kompyuta yanuyo ikufuna, chimasunga mndandanda wa zimene zaikidwa, ndipo amene sakufuna chilichonse chotere angalembe firmware=never poyambitsa choikiracho.

Otsutsa chigamulochi ali ndi mfundo imene sindingainyoze. Iwo amati kampani imamasula firmware yake pokhapokha ikaona kuti kubisa kukuitayitsa makasitomala, ndipo aliyense akangolandira zobisika mosadandaula, chifukwa chomasulira chimatha. Amaopanso kuti kugonja kamodzi kumaphweketsa kugonja kwachiwiri. Komabe mbali yawo ili ndi pofooka. Malinga ndi malamulo a Free Software Foundation, firmware yobisika imene inawotchereredwa m'chipangizo ndipo singasinthidwe imaonedwa ngati mbali ya chipangizocho, pomwe firmware yomweyo ikamatumizidwa ndi kernel imakanidwa. Choncho kompyuta imene ili ndi Trisquel imakhalabe ndi zobisika m'kati mwake, kungoti sizikonzedwanso. Zimenezi zinaonekera bwino mu Januwale 2018 pamene zofooka za chitetezo zotchedwa Spectre zinaululika m'mapurosesa: zina mwa njira zotetezera zinadalira microcode (firmware ya purosesa) yatsopano yochokera ku Intel ndi AMD, imene Debian ndi Ubuntu zimapereka koma Trisquel sipereka chifukwa ndi yobisika. Pamenepa kukana kugonja kunasiya wogwiritsa ntchito ndi microcode yakale, imene nayonso ndi yobisika, pokhapokha wopanga kompyutayo atatulutsa BIOS (pulogalamu yoyamba kudzuka kompyuta ikayaka) yatsopano.

Poyerekeza zonsezi, ine ndimaona kuti funso lothandiza si lakuti dongosolo liti ndi loyera kuposa linzake, koma lakuti pamene pagonjedwa, ndani wagamula, kodi wogwiritsa ntchito wauzidwa, ndipo kodi angathe kukana. Pa muyeso umenewu Debian ikuposa zinzake, chifukwa inagonja pa chinthu chimodzi chodziwika malire ake, poyera, ndipo inasiya njira yotulukira. Kwa munthu amene ali ndi laputopu ya kaunjika ndipo ndi wokonzeka kuwerenga pang'ono, Debian ndi imene ndingamulangize. Kwa kholo kapena mphunzitsi amene akufuna kompyuta yongoyatsa n'kuyamba ntchito, Linux Mint ndi yoyenera kuposa Ubuntu yeniyeniyo, ngakhale ofuna kukhala ndi chithandizo cha kampani, monga maofesi akuluakulu, angasankhebe Ubuntu. Trisquel ndi ya munthu amene angasankhe zipangizo zake asanagule, ndipo ndi bwino kuti ipitirire kukhalapo, chifukwa ndi imene imaulula msanga chipangizo chimene wopanga wake akukana kumasula. Njira yosavuta yodziwira pamene kompyuta yanu ili ndiyo kuika Trisquel pa flashi n'kuiyatsa osaiika mu hard disk: chilichonse chimene chakana kugwira, kaya ndi Wi-Fi, Bluetooth kapena zithunzi zoyenda bwino, chingakhale chikudalira firmware kapena diraiva wobisika, ndipo mukatero mudziwa chimene mukuvomera mukadzaika Debian kapena Mint.