Fani ya m'bafa: yawamba kapena yokhala ndi taimala?

Fani yotulutsa nthunzi m'bafa ikapsa, m'mahadiweya a ku Limbe mupeza mitundu iwiri, yambiri ya mamilimita 100 ndi mavoti 230. Kusiyana kwenikweni kuli pa mawaya.

Yawamba imafuna mawaya awiri okha: layivi wochokera ku switchi ya getsi (wabulauni, m'nyumba zakale wofiira) ndi nyutulo (wabuluu kapena wakuda). Mukazimitsa getsi, nayonso yazima. Ndi yotchipa, koma nthunzi imatsalira, ndipo nyengo ya chiperoni siling'i imachita chuku msanga.

Ya taimala ndiyo yabwino pabafa lopanda windo, chifukwa imapitiriza kukoka chinyontho kwa mphindi zingapo mutatuluka. Imafuna mawaya atatu: L (layivi wokhala ndi moto nthawi zonse), T (layivi wochokera ku switchi), ndi N (nyutulo). Ngati fani yakale inali yawamba, kawirikawiri waya wa L wa moto wosalekezayo palibe. Kokani kebulo ya 3-core and earth (mawaya atatu kuphatikiza wa earth) kuchokera pa getsi la kudenga, kudzera pa isolator ya mapolo atatu (switchi yodula mawaya atatu onsewo) kunja kwa bafa, ndi fyuzi ya 3A.

Ikamazima limodzi ndi getsi, mwasinthanitsa L ndi T. Ikakana kuzima, T walandira moto wosalekeza. Ikangolira osazungulira, onani fumbi pamapiko.

Musanakhudze waya, tsitsani breaker ndi dzanja lanu. Tesitala ikapanda kuyaka musadalire zokhazo, mwina magetsi angothima dera lonse, ndipo abwera muli pamakwerero.