Regulator ya petulo yochita kupotokola: yandithandiza, koma si ya liwiro

Kachipangizoka, kamene kamawongolera pressure (mphamvu yokankhira petulo ku injini), ndinakagula m'shopu ya masipeya ku Limbe. Kalibe dzina la kampani, kali ndi geji yake ndi sikuluwu yosinthira pressure pamwamba. Amakaniko anakamanga pa Corolla yanga ya injini ya 4A-FE, chifukwa regulator yakale inkalowetsa petulo m'kapaipi ka vacuum (kapaipi ka mpweya kolumikiza regulator ndi injini).

Galimoto inasiya kuvuta kulira m'mawa, apo ndiye ndayamikira. Koma zoti mukakweza pressure galimoto imauluka, musamvere. Injini zoterezi zimafuna pressure ya pafupifupi 3 bar. Tinayesa 4 bar. Ma injector (tizipangizo tothira petulo mu injini) amangowonjezera mafuta ndi 15 peresenti, ndipo kompyuta ya galimoto ikamva kwa oxygen sensor (kachipangizo koyeza mpweya wa mu ekizozi) imachepetsanso nthawi yothira. Ine ndinangopezapo fungo la petulo ku ekizozi ndi mapulagi akuda bii ndi mwaye. Pokwera phiri la Zomba sindinamve kusiyana, thanki yokha ndiyo inkatsika msanga, petulo wake wodula uyu!

Geji yake ndi yachabechabe, muvi umangonjenjemera injini ikatentha. Amakaniko anayezera yawo atazula kapaipi ka vacuum, n'kubwezera pa 3 bar. Mukagula, makilampu a m'bokosimo tayani, ndi ofewa. Gulani ena olimba.