Bolodi la Rotring rapid A3: limawongola mizere, koma kampasi silikondana nalo

Pa Technical Drawing, malikisi ambiri a orthographic projection (kujambula chinthu chimodzi monga chimaonekera kuchokera mbali zosiyanasiyana) amathawira pamalo amodzi. Mizere yochoka pa front elevation (maonekedwe akutsogolo) kupita pa plan (maonekedwe apamwamba) ndi pa end elevation (maonekedwe am'mbali) ikangopendekeka pang'ono, zojambula zitatuzo sizigwirizananso: bowo limene lili pa 40 mm kutsogolo limakapezeka pa 41 mm pa plan. Bolodi ili linapangidwira kuthetsa vuto limeneli, ndipo limalithetsadi.

Ndi lapulasitiki, lopepuka, ndipo limalowa pepala la A3, la 420 mm kwa 297 mm. M'malo mwa T-square (rula yooneka ngati chilembo T) lili ndi rula yoyenda m'kanjira ka m'mphepete. Mukadina pachogwirira imatsetsereka, mukasiya imaima nji. Pa bolodi lamatabwa dzanja lamanzere silipuma, limangokanikiza mutu wa T-square, ndipo mukaiwala kamodzi mzere wakhota. Apa dzanjalo limamasuka kuti ligwire set square (rula ya makona atatu). Pepala limagwidwa ndi chopanira, choncho masking tape yong'amba makona ija simuifunanso.

Ubwino wake mumauona bwino posamutsa miyeso. Jambulani kaye front elevation ndi pensulo ya 2H, mopepuka kwambiri. Khazikani set square pa rula n'kutsitsa mizere yoimirira kuchokera pa kona iliyonse ndi pakati pa bowo lililonse kupita pomwe pakhale plan, n'kujambula planyo. Kenako, kuchokera pa kona ya front elevation yoyang'ana pamalo opanda kanthu, pakati pa plan ndi end elevation, kokani mzere wa madigiri 45. Mizere yogona yochoka pa plan ikagunda mzere umenewu imatembenuka n'kupereka kukula kwa end elevation popanda kuyezanso. Rula ikasuntha ndi theka la milimita pa siteji imeneyi, cholakwikacho chimafalikira pa zonse, n'chifukwa chake kuima nji kuja n'kofunika. Mukamaliza, detsani mizere yooneka ndi HB, yobisika ikhale yodukaduka.

Bolodi silingakuuzeni pomwe plan ikhale: pali njira ziwiri zoyalira zojambulazi, first angle ndi third angle. Pa first angle imakhala pansi pa front elevation, ndipo chimene mukuona mutaima kumanzere chimajambulidwa kumanja. Pa third angle plan imakwera pamwamba, chakumanja n'kukhala kumanja komweko. Wosokoneza ziwirizi alakwa ndithu ngakhale mizere yake ikhale yowongoka chotani.

Chovuta chachikulu ndi kampasi. Pulasitiki ndi yolimba, nsonga ilibe poluma, ndiye pojambula mabwalo ang'onoang'ono imaterereka n'kukuza bowo papepala. Ikani pepala lina lokhuthala pansi musanayambe. Rula nayo imakhuza pepala poyenda, imatola fumbi la pensulo n'kulipaka pazojambula. Ipukuteni kunsi ndi kansalu pafupipafupi, makamaka mukayamba kudetsa ndi HB. Muziisunthira pachogwirira, osati kunsonga yakutali, chifukwa kukankhira kumeneko kumaipinda. Ndipo musalisiye padzuwa la Okutobala kapena m'galimoto yotseka, pakuti pulasitiki ikapindika siwongokanso.

Set square ya 45, ya 30/60 ndi kampasi konzekani kugula padera. Pepala la A2 sililowa.

Mtengo wake ndi wokwera kuposa bolodi la plywood lopangitsa kwa kalipentala pamodzi ndi T-square yabwino. Kwa wophunzira wa kukoleji ya ntchito zamanja amene amanyamula zojambula kupita nazo ku hostel, ndalamayo imamveka. Wa kusekondale afunse kaye aphunzitsi ake ngati limaloledwa m'chipinda cha mayeso, ndipo ngati mayeso amalembera pa bolodi lamatabwa, azolowere kaye T-square.