Bot ya gulupu ikhale kuti? Njira zisanu, imodzi mwa izo sindidzayandikiranso

Chimvereni anthu kuti gulupu ya WhatsApp ya kwathu ku Area 49 ili ndi bot (pulogalamu yolemba ndi kuyankha mauthenga yokha) yokumbutsa ndalama za alonda, inbox yanga siyipuma. Chodabwitsa n'chakuti palibe amene amafunsa za kalembedwe ka code. Code anthu amaipeza, ena pa GitHub (webusaiti yosungirapo code), ena mnzawo wa ku MUBAS amawalembera. Chomwe amafuna kudziwa n'chakuti ikatha kulembedwa ikhale kuti, alipire ndani, ndipo ikafa pakati pa usiku aidzutse ndani. Ndiyankhiretu pano kamodzi.

Bot yathu ilibe zambiri. Imalonjera wolowa kumene ndi malamulo a gulupu. Pa 25 mwezi uliwonse imakumbutsa chopereka cha alonda. Munthu akalemba kuti "ndalipira" n'kuikapo nambala ya transaction ya Airtel Money kapena Mpamba, iyo imalemba mu Google Sheet ya a msungichuma. Ma admin akatumiza uthenga wa maliro kapena wakuti madzi asiya, imaufalitsa m'timagulupu ta m'misewu. Basi.

Musanayerekeze malo oisunga, dziwani kaye kuti bot yanu ikulankhula pa chiyani, chifukwa pomwepo mpamene pagona nkhani. Ya pa Telegram ndi yofatsa. BotFather, bot ya Telegram yopangira ma bot, amakupatsani token (kiyi ya bot yanu) kwaulere, ndipo bot ikazima, mauthenga amaidikira pa seva za Telegram mpaka maola 24. Koma anthu a mumsewu mwanu ali pa WhatsApp, poti bandulo yomwe amagula ndi imeneyo, ndipo agogo aja simungawauze kuti aike app ina chifukwa cha bot yanu. Njira yovomerezeka ya WhatsApp, Cloud API, anaikonzera bizinesi yocheza ndi kasitomala wake. Pakatha maola 24 kasitomala asanakulembereni, mumayenera kugwiritsa ntchito template (uthenga wokonzeratu) yovomerezedwa, ndipo kuyambira pa 1 July 2025 Meta, eni ake a WhatsApp, imalipiritsa ma template amenewa pa uthenga uliwonse. Ndiye ambirife a magulupu wamba timathawira ku Baileys kapena whatsapp-web.js, ma library (code yolembedwa kale ndi ena) omwe amalowa ngati linked device posikana QR, monga momwe mumalowera WhatsApp pa kompyuta. Izi WhatsApp sinazivomereze, nambala itha kutsekedwa tsiku lililonse, choncho gulani SIM yakeyake, osayika yanu yomwe mumalandirirapo ndalama. Bot yotereyi imafuna kukhala yolumikizidwa usana ndi usiku, imafunanso malo okhazikika osungira mafayilo a session, omwe amakumbukira kuti inalowa kale. Foni yomwe muli SIM-yo ikakhala masiku 14 osatsegulidwa WhatsApp, linked device imatuluka yokha. Zinthu zitatu zimenezi zimagwetsa njira zingapo tisanafike n'komwe pa mtengo.

Ndiyambe ndi yomwe ndili nayo mangawa: makampani a no-code, aja mumangolumikiza timabokosi pa sikirini, "uthenga ukafika, ona ngati muli mawu akuti, kenako lemba mu Sheet". Kukongola kwake sindikukana. A mlembi athu, omwe sanaonepo terminal (windo lolembamo malamulo a kompyuta) chibadwire, ankatha kusintha okha mawu a chikumbutso. Odziwika monga Zapier ndi Make amanena poyera kuti amawerenga ntchito iliyonse yomwe yayenda, ndipo Zapier yaulere imathera pa ma task 100 pamwezi. Yomwe tinatenga ife siili pa awiriwa, ndi ina yomwe imalumikiza magulupu a WhatsApp, ndipo dzina lake ndilisiya.

Patsamba la mitengo analemba ndi zilembo zazikulu madola ochepa pamwezi ndi ma step zikwi zingapo. Tinawerengera ngati anthu anzeru: nyumba zolipira ndi izi, chikumbutso chimodzi pamwezi, zikwana n'kutsalako. Chomwe sanalembe ndi zilembo zazikulu n'chakuti uthenga uliwonse wolowa mugulupu ndi step, kuona ngati muli mawu oti "ndalipira" ndi step ina, ngakhale yankho litakhala ayi. Zili ngati wakabaza wokulipiritsa pa kupalasa kulikonse m'malo mwa ulendo. Sitika ndi step. "Mwadzuka bwanji anansi" ndi step. Vesi la m'mawa la mayi busa ndi step, ndi ma "Amen" onse otsatira pambuyo pake.

Miyezi yabata tinkapulumukira pamphepete. Kenako kunagwa zovuta mumsewu mwathu, bambo wina wokhalitsa m'dera anatisiya. Inu mukudziwa momwe gulupu imakhalira tsiku lotero. "Pepani anamfedwa", "mzimu wawo uwuse mumtendere", wina akufunsa ngati thupi lili ku Kamuzu Central kapena alitenga kale, wina akufunsa za galimoto yopita kumudzi, ena akutumiza chipepeso n'kulemba "ndalipira", bot nayo n'kumalowetsa chipepesocho mu Sheet ya alonda. Pofika m'mawa ma step a mwezi wonse anali atatha. Ndikanakonda bot ikanangoima. Siinaime. Mu settings munali kabatani ka overage (kolola kupyola malire molipira) koyatsidwa kale ndi eni akewo, ndiye inapitiriza kuyenda n'kumadula pa khadi, pa mtengo wokwera kuposa wa pulani. Imelo yochenjeza inabwera bilu itakula kale.

Khadi limenelo silinali la gulupu. Gulupu ya alonda ilibe Visa. Linali la mlamu wawo wa a msungichuma, yemwe anangotichitira chifundo, ndipo malire ake ogulira zinthu kunja mwezi umenewo tinamudyera ife. Aliyense wokhala ku Malawi kuno akudziwa kuti dola ya pa khadi si ndalama chabe, ndi mwayi. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola, ndipo ngakhale uli ndi makwacha m'thumba sizitanthauza kuti banki ikulola kulipira kunja. Pamsonkhano wa komiti ndinayenera kufotokozera anthu akuluakulu chifukwa chomwe mawu opepesa maliro anadyera ndalama yogulira matochi a alonda. Kampaniyo nditailembera inandiyankha ndi link ya malamulo awo.

Chinandimaliza n'chakuti potuluka panalibe chonyamula. Timabokosi tija simungatiike mu Git (pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha mu code), simungaone yemwe anasintha chiyani sabata yatha, simungabwerere pa dzulo. Ndinajambula masikirinishoti n'kuyamba kulemba zonse pachiyambi. Ngati timabokosi timakusangalatsani, ikani n8n pa seva yanu. Imagwira ntchito yofananayo, ma workflow ake mumatha kuwatulutsa ngati mafayilo a JSON n'kuwasunga mu repo (foda ya code yanu pa GitHub), ndipo palibe wokuwerengerani ma "Amen".

GitHub Actions, yomwe imakuyendetserani code pa makina a GitHub, ndimaikonda, koma anthu amaisenzetsa katundu yemwe si wake. Anzanga angapo anayesa kuyendetsa bot yonse mmenemo poti ndi yaulere. Taonani masamu ake. Pa repo yobisika muli ndi mphindi 2,000 pamwezi, ndipo job iliyonse (ulendo umodzi woyendetsa code) amaiwerenga mphindi yathunthu ngakhale itatha m'masekondi khumi. Schedule, yotchera nthawi yoti code iyende, siingathamange kuposa mphindi 5 zilizonse. Mukati izionako mauthenga pa liwiro limenelo, ndi maulendo 288 patsiku, mphindi 8,640 pamwezi, ndiye zaulere zija zatha sabata yoyamba. Mukati repo ikhale yoonekera kwa onse kuti mphindi zisawerengedwe, schedule imazimitsidwa yokha pakatha masiku 60 popanda chochitika mu repo, ndipo bot yoyenda bwino ndi yomwe palibe amene amaigwira. Job imodzi siipyola maola 6, makina ake amafufutidwa ikatha, ndiye session ya WhatsApp ilibe pogona. Wotchi yake imayendanso pa UTC, nthawi yoyendera dziko lonse lapansi, pamene ife tili maola awiri patsogolo, ndipo pamutu pa ola imatha kuchedwa chifukwa dziko lonse limatchera pomwepo. Chikumbutso cha 7 koloko m'mawa chitchereni pa 4:53 kapena 5:07 ya UTC, osati pa 5:00. Pa ntchito yoyesa code musanaitumize ku seva, ndi poitumizapo, palibe inzake.

Malo aulere osungirapo ma app ndingodutsapo. Heroku inatseka zaulere pa 28 November 2022, ndipo ma bot ambiri anafera pomwepo. Render yaulere imagona pakatha mphindi 15 popanda woiyendera, ndipo ikadzuka mafayilo omwe munasunga pa disiki sakhalapo, kutanthauza kusikana QR mobwerezabwereza. Ya Telegram yoyendera webhook, pomwe Telegram ndiyo imaigogodera uthenga ukafika, ingapirire. Ya WhatsApp ayi.

Laputopu yakale kapena Raspberry Pi (kakompyuta kakang'ono) ya pakhomo ndiyo yomwe achinyamata amaikonda, poti palibe dola. Ndimaimvetsa. Koma amene anali mu Lilongwe mu 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira mu January, akukumbukira kuti magetsi ankazima maola angati patsiku. Laputopu ili ndi batire lake, inde, koma rauta ilibe, ndipo Raspberry Pi ikamazimidwa mwadzidzidzi kawirikawiri SD card imaonongeka. Muli ndi sola ndi invata, muli ndi MiFi yosatha bandulo, yesani. Vuto lalikulu si magetsi n'komwe. Seva ya gulupu yonse ili pansi pa bedi la munthu mmodzi. Akasamukira ku Area 25, akapita kumaliro ku Mzimba sabata yathunthu, mwana akafuna laputopu ya homuweki, bot yapita naye.

Yomwe ndinakhazikikapo ndi VPS yaing'ono, seva yobwereka pa intaneti yomwe imakhala yoyaka usana ndi usiku. Ya kampani ya DigitalOcean yotsikitsitsa ndi madola 4 pamwezi, ya Hetzner ndi mayuro ochepa. Dola ikufunikabe, sindikubisa, koma ndi nambala imodzi yosasintha. Kaya gulupu ili zii, kaya kuli maliro, kaya kuli mkangano wa Bullets ndi Silver Strikers mpaka usiku, bilu ndi yomweyo, ndipo a msungichuma atha kuilemba mu bajeti ya chaka. Misampha yake ndi iwiri. Seva yozimitsa imalipiritsidwabe, muyenera kuifufuta ndithu ngati mwasiya kuigwiritsa ntchito. Ndipo ya 512 MB siikwana whatsapp-web.js, chifukwa imeneyo imayendetsa browser ya Chromium yathunthu kuseri. Baileys ndi yopepuka poti imalankhula pa websocket basi.

Pa VPS zinthu zakale zomwe zija n'zomwe zimagwira ntchito. Bot imayenda pansi pa systemd (kapitawo wa mapulogalamu pa seva) ndi Restart=always, ikagwa imadzuka yokha. Zikumbutso zili mu cron, yomwe imayendetsa ntchito pa nthawi yomwe mwaitchera. Nthawi ya seva ikani Africa/Blantyre, a ku Kapitolo mungokhululuka, Africa/Lilongwe kulibe pa mndandandawo. Kusefa mauthenga ndi mzere umodzi wa code, sikudya tambala, ndipo chipepeso chili ndi mawu akeake tsopano kuti chisamalowe m'buku la alonda.

Kusamala bot ndiye ntchito yeniyeni, ndipo apa mpamene GitHub imabwereranso. WhatsApp ikasintha zinthu kumbali yake, ma library osavomerezekawa amathyoka, ndipo mumadikira anthu ongodzipereka kuti akonze. Choncho ma version ndimawakhoma mu lockfile kuti asasinthe okha, Dependabot (bot ya GitHub) imatsegula pull request (pempho losintha code) kukatuluka yatsopano, Actions imayendetsa ma test, ine ndimayesa kaye pa kagulupu ka anthu atatu, kenako ndiye merge (kuvomereza zosinthazo), ndipo workflow imalowa pa SSH (khomo lolowera mu seva uli kutali) kukaika pa seva. Ma test enieniwo ndi mauthenga momwe anthu amalemberadi: "ndalipila", "NDALIPIRA bwana", "ndatumiza pa mpamba", nambala ya transaction yokhala ndi mipata pakati. Makiyi ali mu Secrets, malo obisika a GitHub, ndipo fayilo ya .env (ya zinsinsi za bot) ndi foda ya session zili mu .gitignore kuti zisalowe mu repo. Foda imeneyo ikatuluka, woitola alowa mu WhatsApp ya bot ngati mwini wake. Kumbukiraninso kuti Sheet ija ili ndi mayina, manambala a foni ndi yemwe sanalipire, ndipo kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu. Musaisiye pa "anyone with the link".

Kuipa kwa VPS n'kwakuti a mlembi sangasinthenso okha chilichonse ngati zonse zili mu code. Ife tinatulutsa mawu onse a bot n'kuwaika mu tab yachiwiri ya Sheet yomwe ija, bot imawerenga kumeneko. Repo tinaiika mu organization ya gulupu m'malo mwa akaunti yanga, ndipo mtsikana wina wa mumsewu mwathu yemwe amaphunzira za makompyuta ali ndi kiyi yake ya SSH ndi README (fayilo ya malangizo) ya m'Chichewa yofotokoza posikana QR ndi poyatsanso bot.

Ndiye mukandifunsa, pa gulupu ya WhatsApp ya anthu ambiri tengani VPS, code ikhale pa GitHub, Actions ingoyesa ndi kutumiza. Ngati anthu anu ali pa Telegram ndipo mukungofuna chikumbutso kamodzi pamwezi, Actions yokha pa repo yobisika ikwana, musataye dola. Ngati mwaumirirabe za timabokosi zolipira pa step, musanalowetse khadi la munthu pitani kaye mu settings mukazimitse overage, kenako werengani mauthenga omwe gulupu yanu inatumiza tsiku la maliro omaliza, muchulukitse ndi chiwerengero cha timabokosi tanu.