rsync: imanyamula bwino mafayilo a WAL, koma musaidalire yokha

Kwa amene mumatumiza mafayilo a WAL (mafayilo amene PostgreSQL, pulogalamu ya database, imalembamo kusintha kulikonse) kuchoka pa seva ina kupita pa ina muno mu Lusaka, rsync, pulogalamu yokopera mafayilo, ndi chida chabwino ndipo ndi chaulere. Ikamaliza kutumiza fayilo, imayerekeza checksum (nambala yowerengedwa kuchokera ku zonse za m'kati) ya fayilo yonse isanailandire.

Pofooka pake ndi apa. Posankha zoti itumize, imangoyang'ana kukula kwa fayilo ndi nthawi imene inasinthidwa. Fayilo iliyonse ya WAL nthawi zambiri imakhala 16 MB, ndiye yowonongeka m'kati imaoneka ngati yabwinobwino. Onjezani --checksum pa lamulo la rsync kuti iziyerekezanso za m'kati. Imachedwa, chifukwa imawerenga mafayilo onse mbali zonse ziwiri, komabe m'pofunika.

Magetsi akathima mwadzidzidzi, monga zimachitikira kuno, zimene zinali zisanafike pa disk zimatayika ngakhale rsync itanena kuti yamaliza. Ikani --fsync kuti fayilo iliyonse ilembedwedi pa disk. Pewaninso --inplace, imasiya fayilo yolembedwa theka pa dzina lake lenileni.

Chotsimikizira chenicheni ndi sha256sum, pulogalamu yowerengera checksum: pa seva yotumiza pangani mndandanda wa ma checksum a mafayilo, muutumize limodzi, kenako pa yolandira muyendetse sha256sum -c. Fayilo imodzi ikalembedwa FAILED, itumizeninso tsiku lomwelo, chifukwa pobwezeretsa database, PostgreSQL imaimira pamenepo ndipo zonse zotsatira sizilowa.